Ngolo yogonamo yodzipangira: maonekedwe ake ndi amene amalamula kayendedwe kake pamsewu

Munthu akaganiza zopanga yekha ngolo yogonamo yokoka ndi galimoto, maganizo amathamangira m'kati: matiresi akwana bwanji, gasi akhala pati, chitseko chitsegukira mbali iti. Za kunja amaziona ngati nkhani ya kukongola basi. Koma galimoto imene ikukoka ngoloyo za matiresi sizidziwa. Imangomva kulemera kwa ngolo, kukana kwa mphepo, ndi mmene ngoloyo ikuigwedezera kumbuyo. Zonsezi zimagamulidwa papepala, tsiku limene wopangayo akujambula maonekedwe ake, asanagule ndi chitsulo chimodzi chomwe.

Ngolo imene ndikunena pano ndi yaing'ono, yogona anthu awiri, ya matayala awiri, yolemera makilogalamu 400 mpaka 750 ikadzaza katundu. Mtundu wake wotchuka ndi umene ku America amautcha teardrop, wobulungira kutsogolo, denga lake n'kumatsika mpaka kusongoka kumbuyo. Unafala m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, magazini a ntchito zamanja atayamba kusindikiza mapulani ake, ndipo pulani imene Mechanix Illustrated inatulutsa mu 1947 ena akuitsatirabe mpaka pano. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, malata a aluminiyamu opangira ndege anali mbwee pa mtengo wotsika, anthu n'kumakutira nawo ngolo zawo. Kukula kwa ngolozi sikunachokere kwa katswiri wa mphepo ayi, kunachokera ku pulayiwudi. Thabwa limodzi ndi mamita 1.22 m'lifupi ndi 2.44 m'litali, ndiye pansi pankalowa thabwa limodzi, khoma lililonse thabwa limodzi. M'kati ndi pogona pokha, munthu saimirira. Kumbuyo kuli chitseko chotsegukira m'mwamba, ndipo kuseri kwake kuli khitchini imene wophika amaphikira ataima panja.

Panalinso ena amene nzeru zawo anazitengadi ku ndege. Hawley Bowlus, yemwe anayang'anira ntchito yomanga ndege ya Spirit of St. Louis imene Charles Lindbergh anawolokera nyanja ya Atlantic mu 1927, anapanga kalavani ya aluminiyamu yotchedwa Road Chief mu 1934. Wally Byam anatsatira ndi Airstream Clipper mu 1936, ndipo mu 1959 anatsogolera makalavani 41 paulendo wochokera ku Cape Town mpaka ku Cairo. Anthu amenewa ankadziwa chinthu chimene wowotcherera zitsulo wa ku Ndirande kapena ku Biwi sakumana nacho pa mageti ndi mafelemu a mawindo: pa liwiro la msewu waukulu, mpweya umavutitsa injini kuposa katundu.

Mphepo imadya zochuluka bwanji

Mphamvu imene mpweya umakankhira chinthu choyenda imadalira kulemera kwa mpweyawo, kukula kwa nkhope imene yayang'ana kutsogolo, maonekedwe a chinthucho, ndi liwiro. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse umalemera makilogalamu pafupifupi 1.2. Maonekedwe amawayeza ndi nambala imene akatswiri amailemba kuti Cd: bokosi la ngodya zakuthwa lili cha pa 0.9 mpaka 1.0, pomwe galimoto yaing'ono yamakono ili cha pa 0.3. Koma mwini nkhani ndi liwiro, chifukwa limadzichulukitsa lokha. Mukachoka pa makilomita 50 pa ola kupita pa 100, mphepo sikankha kawiri, imakankha kanayi. Ndipo poti mukulimbana ndi kukankha kumeneko uku mukudula mtunda wowirikiza pa nthawi yomweyo, mphamvu zimene injini ikutaya pa mphepo zimachuluka maulendo 8.

Tiyeni tiwerengere. Tengani ngolo ya bokosi, mamita 1.5 m'lifupi ndi 1.5 msinkhu, ngodya zonse zakuthwa, yolemera makilogalamu 600. Itakhala kuti ikukumana ndi mphepo yonse payokha pa makilomita 100 pa ola, mphepoyo ingaikankhe ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 95, ndipo injini ingafunike makilowati 26 ongothana ndi zimenezo. Probox ya injini ya 1.5 ili ndi makilowati pafupifupi 80 ikamalira mpaka pamapeto pake, ndiye mukuona gawo limene ngolo yatenga. Pomwe kugubuduza makilogalamu 600 aja pa tala wosalala kumangofuna mphamvu ya makilogalamu 8 kapena 9. Pamalo athyathyathya, kulemera si kanthu poyerekeza ndi mphepo. Tsopano chepetsani nkhope ija ifike pa masikweya mita 1.7, mubulungize ngodya zakutsogolo Cd itsike kufika pa 0.5: kukankha kuja kwatsika kufika pa makilogalamu 40, makilowati 11. Zitsulo zomwezo, katundu yemweyo.

Pachitunda zinthu zimatembenuka. Pamtunda wokwera mamita 8 pa mamita 100 aliwonse, ngolo yomwe ija imakokera m'mbuyo ndi mphamvu ya makilogalamu 48, pomwe mphepo, poti mukukwera pa 40, yatsika kufika pa 15. Choncho wokwera pafupipafupi ku Zomba kuphiri kapena wodutsa pa Chiweta aziwerenga kilogalamu iliyonse, ndipo woyenda maulendo ataliatali a pa tala, monga wochokera ku Johannesburg kudzera ku Tete, aziwerenga sentimita iliyonse ya msinkhu wa denga. Ku Lilongwe, komwe kuli mamita opitirira pang'ono 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10, koma musasangalale nazo: injini yopanda tabo imatayanso mphamvu pafupifupi zomwezo.

Ngodya zakutsogolo

Anthu ambiri amaganiza kuti chofunika kutsogolo ndi mphuno yosongoka yoboola mphepo. Pa liwiro la galimoto, mpweya sufuna kubooledwa. Umafuna njira yokhotera osachoka pakhoma. Ukafika pa ngodya yakuthwa sutha kukhota mwadzidzidzi, ndiye umadumpha n'kupitirira patali ndi khoma, n'kusiya mpweya wongozungulirazungulira m'mbali monse. Kwa mphepo, ngoloyo yakula kuposa mmene ilili.

Chitsanzo chodziwika ndi kombi ya Volkswagen imene inayamba kupangidwa mu 1950. Yoyesera yoyamba inali ya ngodya zakuthwa ndipo Cd yake inali 0.75. Ataipititsa kumalo oyesera mphepo a payunivesite ya ku Braunschweig n'kubulungiza nkhope yake, inatsika kufika pa 0.44, kutsika kuposa ndi galimoto yaing'ono ya Volkswagen Beetle yomwe, imene inali pa 0.48. Kombiyo inakhalabe bokosi. Zimene zinasintha ndi ngodya basi.

Nkhani yabwino kwa wopanga yekha ndi yakuti kubulungiza kofunikako si kwakukulu. Ngodya yokhota pa gawo limodzi mwa magawo 10 a m'lifupi mwa ngolo imakwanira: ngolo ya mamita 1.5 imafuna ngodya yozungulira ya masentimita pafupifupi 15 kuchoka pakati pa bwalo lake. Kupitirira pamenepo phindu lake ndi lochepa, mumangotaya malo ogona. Pano teardrop yachikale ili ndi chilema chimene eni ake sakonda kuchimva. Denga lake n'lobulungira bwino kutsogolo, koma makoma ake ndi mathabwa awiri athyathyathya, ndipo pokumana khoma ndi nkhope pali ngodya yakuthwa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mpweya wodutsa pamwamba ukuyenda bwino, wodutsa m'mbali ukudumpha. Kukonza zimenezi ndi ntchito, chifukwa pulayiwudi imapindika mbali imodzi yokha. Ena amamata thabwa lochindikala kapena fomu yolimba pangodyapo n'kupala mpaka pabulungire. Ineyo ndimaona kuti ntchito imeneyi ili ndi phindu kuposa mphuno ya V imene ambiri amaikonda, imene imangosuntha ngodya yakuthwa ija kuipititsa kumbuyo pang'ono.

Kumbuyo ndiye kuli bodza lalikulu

Nkhope ikakonzedwa, kukoka kochuluka kumatsalira kumbuyo. Ngolo ikamadutsa imasiya malo amene mpweya sunabwerere bwinobwino, ndipo malo amenewo amayamwa ngoloyo kuibweza m'mbuyo. Kukula kwa malowo n'kumene kumanena kukula kwa kuyamwako. N'chifukwa chake kusongola kumbuyo kumathandiza: denga ndi makoma zikamapendekera m'kati pang'onopang'ono, mpweya umazitsatira, ndipo malo oyamwa aja amachepa.

Koma mpweya umatsatira kupendekera kofatsa kokha. Mu 1984, katswiri wa ku Germany S. R. Ahmed ndi anzake anayesa chibokosi chobulungira kutsogolo, n'kumasintha kupendekera kwa denga lake lakumbuyo. Kukoka kunali kochepetsetsa cha pa madigiri 12. Kupitirira apo kunayamba kukwera, n'kufika poipitsitsa pa madigiri 30, pomwe m'mphepete mwa denga mumabadwa akamvulumvulu awiri amphamvu okokera m'mbuyo. Kupitirira 30, mpweya umangolekana nalo dengalo, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi za bokosi lodulidwa chabe.

Ndiye onani teardrop. Msinkhu wa thupi lake ndi mamita 1.2, ndipo denga liyenera kutsika msinkhu wonsewo pa theka lomaliza la ngolo, mamita 1.2. Kumeneko ndi kutsika kwa madigiri 45 tikagawa mofanana, ndipo kumapeto kwenikweni n'koposa pamenepo. Kuti denga litsike mamita 1.2 pa madigiri 12, pangafunike mchira wa mamita oposa 5. Choncho mpweya umatsatira dengalo pang'ono chabe kuchoka pansonga pake, kenako n'kulisiya, ndipo mchira wokongola ujawo umangoyenda mu mpweya wakufa. Teardrop imakokeka mopepuka, inde, koma chifukwa chake ndi chakuti ndi yaifupi ndi yopapatiza. Mchira wake sukuthandiza monga umaonekera.

Njira yabwino inapezeka kale m'zaka za m'ma 1930, ndipo imadziwika ndi dzina la Wunibald Kamm, katswiri wa ku Germany: pendeketsani pang'ono mpaka pamene malo akukulolani, kenako dulani mchirawo mowongoka. Pa ngolo yathu, denga lotsika madigiri 12 pa mamita 1.2 omaliza limangotsika masentimita 26. Kumbuyo kumatsala khoma lalitali masentimita oposa 90, lomwe limapatsa khitchini mashelefu enieni ndi chitseko chosavuta kupanga, chifukwa chitseko chopindika cha teardrop ndiye gawo limene limasautsa opanga ambiri ndiponso limene limayamba kudontha. Ngodya zakumbuyo zikhale zakuthwa, mosiyana ndi zakutsogolo, kuti mpweya uzichoka pamalo amodzi nthawi zonse m'malo momasinthasintha.

Kuyamwa kwa kumbuyo kuli ndi vuto lina limene oyenda m'misewu yafumbi ya ku Nyika kapena ku Vwaza angalidziwe tsiku loyamba. Fumbi lonse limene matayala adzutsa limazungulira kumbuyo kwa ngolo, pomwe pali chitseko cha khitchini, n'kumalowa pa kampata kalikonse. Labala wabwino pachitseko ndi poyambira. Opanga ngolo za m'tchire ku South Africa ndi ku Australia amawonjezera kabowo kokhala ndi sefa kutsogolo kapena padenga, kolowetsa mpweya woyera poyenda, kuti m'kati mukhale mpweya wopanikizika pang'ono umene umatulukira m'timipata tija m'malo molola fumbi kulowa.

Kubisala kuseri kwa galimoto

Mawerengero aja anali a ngolo yoyenda yokha. Zoona zake n'zakuti imayenda mu mpweya umene galimoto yaswa kale. Gawo la ngolo limene labisala kuseri kwa galimoto limakumana ndi mphepo yofooka, pomwe gawo lotulukira pamwamba pa denga la galimoto kapena m'mbali mwake limalandira mphepo yonse. Choncho lamulo loyamba pojambula n'lakuti yezani galimoto yanu kaye. Denga la ngolo lisapitirire denga la galimoto, thupi lake lisapitirire m'lifupi mwa galimoto. Ngolo imene imayenda bwino kuseri kwa Land Cruiser ikhoza kukhala chikhoma kuseri kwa Corolla, chifukwa mpweya wotsika pagalasi lakumbuyo la galimoto ya buti umakagunda ndendende pankhope ya ngolo. Pikapu yopanda kanope nayonso simabisa ngolo bwino ngati yokhala ndi kanope. Tenti ya padenga, matabwa a sola oimirira, njinga yomangirira pamwamba, zonsezi zimakhala pamalo amene mphepo ili ndi mphamvu zonse.

Mpata wa pakati pa galimoto ndi ngolo ukakula, mpweya umagweramo n'kukagundanso nkhope ya ngolo mwatsopano. Mphepo ikufuna mkono wokokera waufupi. Koma china chilichonse chikufuna wautali: mkono wautali umakhazikitsa ngolo pa liwiro, umafewetsa rivesi, ndipo umalola kukhota kwambiri popanda ngodya ya ngolo kugunda bampala. Kuchoka pa kampira ka towbar, chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chimene ngolo imakolekedwapo, kufika pathupi la ngolo pakhale kuposa theka la m'lifupi mwa galimoto, ndiye kuti mita imodzi ndi kanthu. Pamkangano umenewu mphepo igonje. Mpatawo mutha kuudzaza ndi bokosi lopendekera loika pamkonopo, losungiramo batire ndi zida, ndipo likapendekera pansi limathandizanso kuti miyala yothawa ku matayala a galimoto igwere pansi, isanjanje n'kubwerera kudzaswa galasi lakumbuyo.

Ngolo ikayamba kuvina

Zonse zimene tanenazi ndi za mafuta. Izi ndi za moyo. Ngolo iliyonse yokoka pa kampira ili ndi liwiro limene ikalipitirira, kagwedezeko kakang'ono sikazirala kokha koma kamakula: mchira upita kumanzere, ubwerera kumanja mopitirira, ukoka matako a galimoto, mpaka zonse ziwiri zitayang'ana kumene zachokera kapena zitagubuduzika. Ntchito ya wopanga ndi kukankhira liwiro limenelo kutali, pamwamba pa liwiro lililonse limene angayende. Akatswiri a payunivesite ya Bath ku Britain anayesa zimenezi pamsewu ndi ngolo yosinthika, ndipo zimene anafalitsa mu 2009 zinasonyeza kuti zinthu zikuluzikulu ndi zitatu: kulemera kotsamira pa kampira, malo a ekiselo, ndi kutalikirana kwa katundu ndi pakati pa ngolo.

Kulemera kotsamira pa kampira ku Britain amalangiza kuti kukhale 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo, ku America 10 mpaka 15. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa: ku Britain wokoka ngolo saloledwa kupitirira mamailosi 60 pa ola ngakhale pamsewu waukulu, ndipo magalimoto ake ndi aang'ono, pomwe ku America amakoka ndi zimagalimoto zolemera pa liwiro lokwera. Pa ngolo yaing'ono yodzipangira, 10 peresenti ndi pabwino kulozapo, bola isapitirire malire amene alembedwa pa towbar yanu.

Apa m'pamene maonekedwe amalowerera. Teardrop imaika matiresi, chinthu chopepuka, kutsogolo, n'kuika khitchini, madzi, mapoto ndi bokosi la ayezi kumbuyo kwenikweni. N'chifukwa chake mukayang'ana zithunzi za ngolozi, matayala ali kumbuyo kwambiri kuposa a ngolo wamba yonyamulira katundu, imene ekiselo yake imakhala cha pa 60 peresenti ya utali wa bokosi kuchokera kutsogolo. Wokopera malo a ekiselo ku ngolo ya katundu n'kumangapo nyumba ya khitchini kumbuyo wadzitchera yekha msampha.

Masamu ake ndi osavuta. Ngolo ya makilogalamu 600, kuchoka pa kampira kufika pa ekiselo mamita 2.7. Kuti pa kampira patsamire makilogalamu 60, pakati pa kulemera konse payenera kukhala masentimita 27 kutsogolo kwa ekiselo. Tsopano ikani zigubu ziwiri za madzi za malita 20 kukhitchini, mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo: 40 kuchulukitsa ndi 1, kugawa ndi 2.7, pa kampira pachoka makilogalamu 15. Mangirirani tayala lapadera la makilogalamu 20 kukhoma lakumbuyo, mamita 1.3 kuchoka pa ekiselo: pachokanso 10. Mwatsala ndi 35 pa ngolo imene tsopano ikulemera 660, ndiye kuti 5 peresenti yokha, ndipo palibe chimene chikuoneka cholakwika ndi maso.

Mphepo nayo imabako pamenepo. Galimoto imakoka ngolo pansi, pa kampira kamene kali masentimita pafupifupi 40 kuchoka pansi, pomwe mphepo imakankha pamwamba, tinene mamita 1.3. Mphamvu ziwirizi zimafuna kudzutsa mphuno ya ngolo. Mphepo ya makilogalamu 60 pa msinkhu umenewo imachotsa makilogalamu 20 pa kampira. Zimene munayeza pa sikelo ngolo itaima pakhomo si zimene zilipo pa 100, ndipo kuchepako kumachitika pa nthawi yeniyeni imene kulemerako kukufunika. Ngolo yaitali msinkhu imavutika nazo kwambiri.

Wina anganene kuti ngati kumbuyo kwalemera, ndiika batire ndi gasi kutsogolo kwenikweni kuti zifanane. Sikelo ivomera, msewu ukana. Munthu wosenza nsungwi yaitali yomangirira katundu kunsonga zonse ziwiri amavutika kutembenuka, ndipo akatembenuka amavutika kuima, pomwe katundu yemweyo atamangidwa pakati amatembenuka naye mosavuta. Ngolo yolemera kunsonga ikayamba kugwedezeka sifuna kusiya. Zolemera zonse, makamaka thanki ya madzi, zikhale pansi, pafupi ndi ekiselo, kutsogolo kwake pang'ono. Thanki ikakhala pamenepo, kaya yadzaza kaya ilibe kanthu, kulemera kwa pa kampira sikusintha kwenikweni.

Chimene chimayambitsa kuvinako kawirikawiri ndi mphepo ya m'mbali. Thiraki kapena basi ikamakupitirirani, mpweya umene ikukankha kutsogolo kwake umagunda kaye mchira wa ngolo n'kuukankhira kumbali, ngolo n'kuzungulira pa matayala ake, mphuno yake n'kukokera matako a galimoto mbali inayo. Kamphindi pang'ono mpweya womwewo wafika kutsogolo kwa ekiselo ndipo zonse zatembenuka. Mwera wa m'miyezi yozizira pamsewu wa m'mbali mwa nyanja umachita zofanana mukatuluka pamalo otchingidwa ndi mitengo. Khoma la m'mbali likakhala lalitali, lathyathyathya, ndipo gawo lalikulu lili kumbuyo kwa ekiselo, mphepo yapeza pogwira. Pano teardrop imapambana moona: mchira wake wotsika uja, wosathandiza kwenikweni pa mafuta, umachepetsa khoma la kumbuyo kwa matayala. Ngodya za denga zobulungira zimathandizanso mphepo kudutsa pamwamba.

Malo oopsa kwambiri ndi potsetsereka, monga potsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre kapena potsikira ku Golomoti kuchokera ku Dedza, chifukwa liwiro limakwera lokha ndipo ngolo imayamba kukankha galimoto m'malo mokokedwa. Ikayamba kuvina, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwamphamvu, ndipo musayese kulimbana nayo pokhotetsa uku ndi uku. Zoti kuponda moto kumaiwongola muzisiye.

Za kunsi

Kawirikawiri wopanga yekha amatola ekiselo ndi masipuling'i a pikapu yakale. Masipuling'i amenewo anapangidwira katundu wa tani imodzi, ndiye pansi pa ngolo ya makilogalamu 500 sapindika n'komwe. Ngolo imangodumphadumpha, matayala amachoka pansi pa mabampu, ndipo misomali ndi zowotcherera zimamasuka. Chotsanipo zitsulo zina pa sipuling'i kapena gulani zogwirizana ndi kulemera kwake, ndipo ikani mashoko. Kutalikirana kwa matayala kufanane ndi kwa galimoto, kuti pamchenga ndi pamatope ngolo iziponda m'mapazi a galimoto. Marimu akafanana ndi a galimoto, tayala lapadera limodzi limakwanira zonse. Ngolo ikakolekedwa ikhale yowongoka kapena yoweramira kutsogolo pang'ono, osati yoyang'ana kumwamba.

Mkono wokokera umakonda kuthyoka pamalo amodzi, pomwe ukulowa pansi pa thupi la ngolo, chifukwa pamenepo m'pamene umapindika kwambiri pa bampu iliyonse. Ukhale wa zitsulo ziwiri zokumana kutsogolo ngati chilembo A, zopitirira pansi pa thupi mpaka pafupi ndi pomangirira masipuling'i, ndipo wowotcherera awotcherere motsatira utali wa chitsulo cham'mbali, asadutse mopingasa pamwamba pake, chifukwa mng'alu umayambira pa mzere wopingasawo. Kampira ka kuno ndi ka ku Ulaya ndi ka mamilimita 50, kofala ku America ndi ka mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8. Kusiyanako n'kochepa m'maso koma n'kokwanira kuti chokolekera chisagwire bwino.

Pa thupi, chizolowezi cha owotcherera n'chomanga chilichonse ndi chitsulo. Lata lachitsulo la mamilimita 1.2 limalemera makilogalamu 9.4 pa sikweya mita, la aluminiyamu la milimita imodzi limalemera 2.7. Pa makoma ndi denga za masikweya mita 12, kusiyanako ndi makilogalamu 80, ndipo onsewo ali m'mwamba, kumene amathandiza ngolo kugubuduzika. Denga la pulayiwudi yopyapyala ya mamilimita 3 kapena 4 likapindidwa limalimba lokha popanda mafelemu ambiri, ndipo fomu yoika pakati imathandiza pa kutentha kwa kunyanja. Kachipinda kameneka n'kakang'ono ndi kotsekeka, choncho pakhale polowera ndi potulukira mpweya posatsekeka, ndipo mbaula yamakala isalowemo ngakhale kuzizire bwanji.

Nambala ya makilogalamu 750 muisunge. Ku South Africa, ku Britain ndi ku Australia, ngolo yopitirira pamenepo iyenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo ku South Africa ngolo yopanda mabuleki isapitirirenso theka la kulemera kwa galimoto yoikoka ili yopanda katundu. Ku South Africa komweko, layisensi yoyendetsera galimoto ya B imathera pa 750 pomwepo, kupitirira apo pamafunika ya EB. Ngolo imafunika kulembetsa ndi kukhala ndi nambala yakeyake, magetsi, zonyezimira ndi tcheni chachitetezo, ndiye ndi bwino kukafunsa ku Road Traffic musanayambe kudula zitsulo.

Kuyesa

Ekiselo muimangirire pomalizira. Mangani thupi pa tchesi, ikanimo zonse zimene muzidzayenda nazo, madzi ndi gasi zomwe, kenako goneka paipi yachitsulo mopingasa kunsi n'kumaisuntha mpaka ngolo italendewera osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pamenepo ndiye pakati pa kulemera kwake. Ekiselo ipite kumbuyo kwa malo amenewo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wochoka pa kampira kufika pa ekiselo. Mukamaliza, yezani ndi sikelo ya m'bafa, mutaimika kathabwa pakati pa sikeloyo ndi chokolekera kuti chikhale pa msinkhu wa kampira.

Mphepo nayo imaoneka ndi maso. Dulani ulusi woluka wa masentimita 10, mumate timaulusito ndi tepi m'mizere padenga, m'makoma ndi kuseri kwa ngodya zakutsogolo, ndipo mnzanu ajambule ndi foni ali m'galimoto ina pamsewu wopanda anthu. Pomwe ulusi wagona chogonera kumbuyo, mpweya ukutsatira khoma. Pomwe ukuphiriphitha kapena kuloza kutsogolo, mpweya walekana nalo, ndipo mzere umene kusinthako kukuyambira ukuuzani ngodya yofunika kupala kapena pomwe denga latsika mofulumira. Liwiro muzikweza pang'onopang'ono, 50, 60, 70, ndipo pa liwiro lililonse gwedezani chiwongolero pang'ono kamodzi n'kuyang'ana pagalasi. Ngolo yabwino imagwedezeka kamodzi kapena kawiri n'kukhazikika. Ikapitiriza katatu, kanayi, imani, sunthirani katundu kutsogolo ndi pafupi ndi ekiselo, onaninso mpweya wa m'matayala akumbuyo a galimoto, muyambirenso pa 50.